Mchere wa Bambo Pickersgill

Folo koloko m'mawa ku Hull.
Mphepo ya kudoko ikugogoda zenera la wodi
ngati munthu woiwala makiyi.
Pa bedi seveni pagona Bambo Pickersgill,
amene zaka makumi atatu anathira nsomba mchere,
lero mchere wawathawa m'thupi.

Masiku anayi akutsegula m'mimba okhaokha m'nyumba,
sanafune kuvutitsa munthu.
Anthu akuno ndi otero,
amapepesa ngakhale pokomoka.

Pepala la kulabu lafika ndi manambala ofiira.
Potaziyamu watsika. Impso zanyanyala.
Magazi asasa, akutero Dokotala Rahimi
uku akuyasamulira m'chikhatho.
Mdalayo akupuma mozama, mwaphuma,
ngati akukwera chitunda chigonere.

Ndasaka mtsempha, wabisala.
Khungu ndikalitsina likungoima, osabwerera.
Pamkono pali mphini ya nangula ndi dzina loti Maureen,
ndipo pansi pa chilembo chomaliza
ndaupeza, wowonda ngati ulusi.
Pepani bambo, ndibaya pang'ono.
Ayi, akutero, wopepesa ndine,
ndakusowetsani tulo.

Marivic wabwera kudzawerenga nane thumba.
Potaziyamu sapachika munthu mmodzi.
Iye awerenge, ine ndibwereze:
dzina, tsiku lobadwa, mlingo, liwiro.
Mchere uwu ukathamanga umaimitsa mtima
womwe unabwera kudzauchirikiza.
Makina tawauza ayende chinyaunyau ayi,
ayende ngati mkamwini wolowa pakhomo pa apongozi.

Thumba lachiwiri lidikire kaye.
Dzina lake ndi lalitali, lopinda lilime,
koma ine ndamuzindikira mwini wake:
soda yemwe uja wa pa okala,
amene mlamu wanga amatsina n'kuponya m'therere,
msuweni wake wa chidulo.
Kuno wavala pulasitiki, ali ndi nambala,
ali ndi tsiku lothera mphamvu,
koma khalidwe sanasinthe,
akakumana ndi zowawasa amaziweta.

Tho.
Tho.
Sindiyenera kuyang'ana kwambiri madonthowa.

Chifukwa ndikayang'ana ndimaona Bangula,
chaka cha madzi osefukira, tenti ya kolera,
diripu yomangidwa pamtengo ndi bandeji.
Zakeyu, mchimwene wanga, maso atalowa m'kati,
akupempha madzi ndi mawu a nkhalamba
ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.
Thumba linatsala limodzi.
Pamachira oyandikana panali kamwana.
Galimoto ya mankhwala inali tsidya lina la mlatho wokokoloka.
Palibe anandikakamiza.
Ndinalipachika ndekha, pa kamwanako,
ndipo Zakeyu ndinam'mwetsa ndi sipuni
mpaka sipuni inasiya kulandiridwa.

M'kabati ya wodi ino muli matumba makumi anayi ndi awiri.
Ndimawawerenga usiku uliwonse.
Si ntchito yanga.

Hafu sikisi. Kunja mbalame za kunyanja zayamba mkangano
pa nkhokwe za zinyalala.
Mpweya wa mdala wafatsa.
M'kathumba ka pansi pa bedi mwaoneka mkodzo,
wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka,
ndipo ine ndi Marivic tikumwetulirana
ngati wina wabereka.
Ndani kunja kuno angamvetse
amayi awiri kusangalalira mkodzo wa mlendo?

Atsegula diso limodzi.
Mwandithira chiyani m'mkonomu?
Madzi ndi mchere, bambo. Kenako soda.
Basi?
Basi.
Aseka mpaka kutsokomola.
Moyo wanga wonse ndauthawa kumwa madzi a m'nyanja,
lero mwandimwetsa podzera kumbali.

Afunsa ngati tiyi alipo.
Dikirani kaye, ndifunse adokotala.
Ndalemba mamililita makumi anayi m'bokosi lake,
ndasaina, ndakonza tepi pa dzina la Maureen.
Thumba latha ndalitsitsa,
lopepuka, lofwanyika,
ndipo ndalisunga m'manja kanthawi
ndisanalitaye.